Ndalama za kampeni ku Chunga: funsani mwini wake musanalandire

Kuyambira chisankho cha 2011 ndaona makomiti a kampeni angapo kuno ku Chunga, George ndi Matero. Ambiri amagwera pa envulopu imodzi. Malangizo awa ndi a inu amene mukuthandiza munthu wopikisana pa ukhansala kapena uphungu, makamaka inu msungichuma.

Poyamba, chotsani m'mutu zoti boma lidzakubwezerani. N'zoona kuti Gawo 60 la malamulo aakulu a dziko la Zambia, monga anasinthidwira mu 2016, limati pakhale thumba lothandiza zipani zomwe zili ndi aphungu ku Nyumba ya Malamulo. Limatinso pakhale lamulo lonena komwe zipani zingatenge ndalama ndi malire a ndalama za kampeni. Bilu ya zipani inalembedwa mu 2017 koma sinadutse, ndipo chisankho cha 2021 chinachitika thumbalo kulibe. Ngakhale litabwera, n'la zipani, osati komiti ya wodi. Wina akakuuzani kuti "kongolani, boma lidzalipira," akukunamizani. Pitani ku ofesi ya Electoral Commission of Zambia mukafunse malamulo omwe alipo chaka chimenecho, musamvere za pa siteshoni ya basi.

1. Buku limodzi, nambala imodzi, msungichuma mmodzi

Gulani buku lachikuto cholimba, mwina K40 kapena K50. Tsegulani nambala ya Airtel Money kapena MTN ya kampeni yokha. Ndalama ikamatuluka, asayine anthu awiri. Izi aliyense amazidziwa, ulesi basi.

2. Lembani zofunika musanapemphe

Masikipa, zitenje, mapositala, mafuta, chakudya cha oyang'anira mavoti tsiku la chisankho. Sikipa yosindikiza ikhoza kukudyerani K80 kapena K100, kubwereka minibasi tsiku lonse mwina kupitirira K1,000. Mitengo imasintha, funsani nokha. Komiti yosadziwa kuchuluka kwa ndalama zomwe ikufuna imalandira chilichonse, ndipo vuto limayambira pamenepo.

3. Funsani mwini ndalama

Apa ndiye pamene pafera ambiri. Werengani kawiri.

Ndalama ikabwera, musaigwire musanayankhidwe mafunso atatu: ndi ya ndani, ndi nzika ya dziko liti, ndipo akufuna chiyani ku khonsolo. Dzina lenileni lilembedwe m'buku, tsiku ndi kuchuluka kwake. Mawu oti "wakufuna kwabwino" si dzina. "Abwana ena a ku tauni" si dzina. Wobweretsa envulopu akati mwini sakufuna kudziwika, bwezani envulopuyo isanatsegulidwe.

Ndinaona ndi maso anga chaka china. Madzulo, galimoto ya magalasi akuda inaima pafupi ndi potsukira magalimoto. Mnyamata wa komiti anaitanidwa, anabwerako ndi jumbo yakuda, m'kati muli ndalama zomangidwa ndi mphira. Amayi msungichuma anafunsa, "Tate, nanga izi n'za ndani?" Wapampando anangoti, "Amayi, musavute, lembani kuti abwenzi." Analemba. Munthu wathu anapambana. Pasanathe miyezi itatu "abwenzi" aja anafika, ndipo anali a kampani ina yakunja yofuna malo ndi ntchito yotola zinyalala. Khansala sanathe kuwakana, ndiponso sanathe kuwapatsa. Zaka zisanu zonse anakhala akuzemba foni. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Kumbukirani kuti Chunga ili ndi zomwe anthu a bizinesi amazilakalaka: dzala lalikulu la mzinda wa Lusaka lili kuno, pali nkhani za mapuloti, misika ndi misewu. Mlendo amene sadzaponya voti muno, koma akulipira masikipa 500, akugula kanthu.

Siyanitsani mitundu iwiri ya ndalama zochokera kunja. Mchimwene wanu, nzika ya Zambia, ali ku Johannesburg kapena London, watumiza pang'ono kuchokera pa malipiro ake: landirani, koma itumizidwe m'dzina lake, pa nambala ya kampeni, ndipo mulembe. Ndalama ya boma lakunja, kampani yakunja, kapena munthu amene simungathe kumufotokoza pamsonkhano wa anthu: kanani. Chenjeraninso ndi mchimwene yemweyo akatumiza ndalama yoposa zomwe mukudziwa kuti amapeza. Mufunseni mwaulemu. Nthawi zambiri amakhala atangobwereketsa dzina.

Ena adzakuuzani kuti palibe lamulo lokumangani, ndiye mukuopanji. Alangizi oterewa amasowa tsiku la mavuto. Anzathu anaika kale malire. Ku South Africa lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Epulo 2021 linaletsa zipani kulandira ndalama za maboma akunja, ndipo linati mphatso yoposa R100,000 iululidwe. Ku Malawi lamulo la zipani la 2018 limati chipani chinene mphatso ya K1 miliyoni yochokera kwa munthu, kapena K2 miliyoni yochokera ku bungwe. Inu dziikireni malire anuanu m'komiti: mphatso iliyonse yoposa, tinene, K2,000 iwerengedwe pamaso pa onse. Ndipo musaiwale kuti bungwe la Financial Intelligence Centre limalandira malipoti a ndalama zokayikitsa kuchokera ku mabanki. Ndalama yachilendo ikalowa pa nambala yanu, wofunsidwa ndinu, osati uja wa galimoto.

Musasakanize ndalama za kampeni ndi za wina aliyense, ngakhale kwa usiku umodzi. Mtsogoleri wakale wa dziko, a Frederick Chiluba, ananena kuti ndalama zawo mu akaunti ya boma ya Zamtrop ku London zinali mphatso za owafunira zabwino. Khoti la ku London linawapeza olakwa mu 2007, la ku Lusaka linawamasula mu 2009, koma zaka zonsezo anathera m'milandu. Ngati zinasautsa mtsogoleri wa dziko, inu ndi kabuku kanu mudzalimba?

Ndibwerezenso: dzina, dziko, chofuna. Popanda zitatuzi, ndalamayo isalowe.

4. Potulutsa, musagawe

Lamulo la zisankho, Electoral Process Act la 2016, limaletsa kupereka ndalama kapena mphatso kuti munthu akuvotereni. Ma K20 ogawa pamaliro ku manda a Chunga, matumba a ufa kumsika, mowa wa anyamata: zonsezi ndi zomwe wopikisana nanu adzatengere ku bwalo lomva madandaulo a zisankho za makhansala, kapena ku High Court ngati ndi za uphungu. Masiku ano aliyense ali ndi foni yojambula. Komanso anthu a m'komboni anaphunzira kalekale, kuyambira 2011, kulandira chitenje cha uyu n'kuvotera uyo. Lipirani ntchito yooneka, monga mafuta ndi kusindikiza, ndipo mutenge lisiti. Kopanda lisiti, wolandira asayine m'buku.

5. Tsekani buku

Pasanathe milungu iwiri chisankho chitatha, itanani komiti, werengani zolowa ndi zotuluka mokweza, lipirani ngongole ya osindikiza. Jambulani masamba onse pa foni, buku lisungidwe pouma. Madzi a mvula a kuno mumawadziwa. Mwapambana kapena mwagonja, sungani bukulo mpaka chisankho china.

Amayi ndi abambo asungichuma, mudzatchedwa ovuta, mwina adzakuchotsani pampando. Lolani. Envulopu ikafika, funsani dzina la mwini wake, ndipo cholembera chikhale m'manja.