Kodi Akavalo a ku Louisville Ndikawaona?

Funso: Mwana wanga wandiitana ku Louisville, ku Kentucky m'dziko la America, mu Novembala. Kodi mijaho ya akavalo ndikaipeza?

Yankho: Mukaipeza ndithu, mayi. Mjaho wa Kentucky Derby, womwe unayamba mu 1875, umachitika Loweruka loyamba la Meyi, koma pabwalo lomwelo la Churchill Downs akavalo amathamanganso mu Novembala, ndipo anthu sapanikizana ngati nthawi ya Derby. Mukafike msanga, mukaone akavalo akuwazungulitsa pafupi nanu asanakwerepo okwera, minofu ili njenjenje. Zimenezo n'zosaiwalika.

Mukayendenso wapansi pa mlatho wa Big Four, kuwoloka mtsinje wa Ohio mpaka ku Indiana. Kumanda a Cave Hill kunagona katswiri wa nkhonya Muhammad Ali, mbadwa ya mumzindawu. Musaiwale jekete lochindikala, kumazizira kwambiri.