PHUNZIRO: MWANA WA KHUNYU NDI MAKOLO AKE

M'Mthenga Wabwino wa Marko Woyera, mutu 9, muli nkhani ya bambo amene anadza kwa Ambuye Yezu ndi mwana wake wodwala. Mwanayo ankagwa pansi, nachita thovu kukamwa, nakukuta mano, ndipo kawirikawiri ankagwera pamoto ndi m'madzi. Asanamchize, Ambuye anayamba afunsa bamboyo kuti matendawo anayamba liti, ndipo iye anayankha kuti chiyambire ubwana wake. Funsolo likusonyeza kuti Ambuye anaona ovutika awiri: mwana wodwala ndi kholo lotopa.

Makolo otere alipo m'midzi ya ku Guilleme, ku Ludzi, ku Kapiri ndi ku Kachebere. Mai wa mwana wa khunyu sagona tulo teniteni. Akapita kudimba, mtima utsala kunyumba. Akamtenga mwanayo kuchitsime, maso sachoka pa iye. Akasonkha moto, ayamba waona kumene wakhala. Bambo agulitsa mtedza wonse kuti alipire asing'anga, mwina mpaka kudutsa malire kunka ku Zambia, nabwerako chimanjamanja. Pamenepo payamba kulozana zala: akuchimuna ati matendawo ngakuchikazi, akuchikazi ati mwana analodzedwa, ndipo maukwati ena atha chotero. Chowawa koposa nchakuti anansi, ngakhale Akristu omwe, apatsa mwanayo mbale yakeyake naletsa ana awo kusewera naye.

Koma khunyu sapatsirana, kaya ndi malovu, kaya ndi mpweya wa wodwala, kaya ndi kudyera pamodzi. Ndi matenda a ubongo. Mwa ana ena adza chifukwa cha kubadwa movutika kapena kuvulala kumutu. Mwa ena atsalira pambuyo pa malungo aakulu olowa mu ubongo. Mwa enanso adza ndi mazira a njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba, makamaka kumene nkhumba zingoyendayenda ndipo zimbudzi nzosowa. Bungwe la za umoyo la World Health Organization liwerenga anthu a khunyu pafupi 50 miliyoni pa dziko lonse, ndipo liti mwa odwala 10 aliwonse, pafupi 7 angathe kuleka kugwa atalandira mankhwala oyenera.

Apa mpamene pagona phunziro. Mankhwala monga phenobarbitone, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito pa khunyu mu 1912, ayenera kumwedwa tsiku ndi tsiku kwa zaka. Kholo likaona mwana watha miyezi itatu osagwa, liganiza kuti wachira. Kapena mvula yadula msewu, ndalama ya njinga palibe, fodya ali m'munda, ndipo ulendo wa kuchipatala cha boma ku Mchinji kapena cha mishoni ulephereka. Mankhwala akalekedwa mwadzidzidzi, khunyu abwera mwaukali kuposa kale, ndipo mwana angathe kufa. Wolamula kuti alekedwe ndi dokotala yekha.

Mwana akagwa, amchotse pafupi ndi moto kapena madzi, amgoneke chammbali, aike nsalu kumutu kwake. Asamtsekere supuni kapena kamtengo m'kamwa, asammwetse kanthu asanatsitsimuke. Kugwedezekako kukapitirira mphindi 5, athamange naye kuchipatala.

Pamene Ambuye Episkopi Patrick Kalilombe anachititsa sinodi ya Dayosizi ya Lilongwe, kuyambira 1973 mpaka 1975, anafuna kuti Eklezia akhale m'miphakati, kumene Akristu adziwana ndi kunyamulirana katundu. Tsono mkatekisiti aliyense adziwe mabanja a ana otere m'dera lake, osayembekeza kuti iwo adzadandaule okha, pakuti manyazi awatseka pakamwa. Mphakati usankhe munthu wokumbutsa tsiku la mankhwala, ubwereke njinga pa tsikulo, ndi kupeza mai wina wokhala ndi mwanayo Lamulungu limodzi pa mwezi, kuti mai wake akamve Misa yonse. Mwanayo alembedwe m'kalasi la Ukaristia woyamba pamodzi ndi anzake, ndipo akhale pa benchi limodzi nawo.