Kukhululuka ndi kubweza: mafunso ochokera ku Montague Gardens

Amalawi ambiri okhala ku Dunoon ndi ku Joe Slovo Park, mu Cape Town, amapeza chakudya chawo m'mafakitale ndi m'nyumba zosungiramo katundu za ku Montague Gardens. Lamulungu amamva ulaliki wa chikhululukiro, Lolemba n'kukumana ndi bwana amene wawadula malipiro. Mafunso otsatirawa amabadwa pakati pa masiku awiriwa.

Ngati Mulungu ndi wachifundo, amaweruziranji?

Chifukwa wolakwiridwa nayenso ndi mwana wake. Mulungu wosaweruza akanakhala wachifundo kwa wakuba yekha, woberedwa n'kumusiya akulira. Akhristu timakhulupirira kuti pa mtanda tchimo silinabisidwe kapena kuchepetsedwa. Linalipiridwa, ndipo analipira ndi Mulungu mwini.

Abwana sakundipatsa ndalama za maola owonjezera, koma abusa akuti ndikhululuke. Ndizisiye?

Ayi. Khululukani mumtima, ndalamazo muitanitse. Kukhululuka ndi kutaya mtima wobwezera, osati kutaya thukuta lanu. Kalata ya Yakobo, chaputala 5, imadzudzula olemera amene amamana antchito malipiro, ndipo siuza antchitowo kuti cholakwacho achitche chabwino.

Malamulo a dziko lino la South Africa nawonso ali kumbali yanu. Kuyambira mu Marichi 2024 malipiro ochepetsetsa anali R27.58 pa ola, ndipo boma limawaunikanso chaka ndi chaka. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ali ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pantchito. Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, khoti loona za ntchito linagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito chatha amatetezedwabe ngati wantchito. Chigamulochi sichikupatsani mapepala, koma chimamuletsa bwana kubisala kumbuyo kwa mantha anu. Lembani m'kabuku ola lolowera ndi lotulukira tsiku lililonse, ndipo sungani mauthenga a pa WhatsApp amene amakuitanirani kuntchito Loweruka.

Mnzathu anathawa ndi ndalama za chipereganyu. Wabwera kutchalitchi, akuti walapa. Timulandire?

Mulandireni, mumupatse mpando, mudye naye. Kenako mukhale naye pansi mugwirizane kuti azibweza zingati pa mwezi. Zakeyu, wokhometsa msonkho wa ku Yeriko, Yesu analowa m'nyumba mwake asanabweze kalikonse, ndiye kuti chifundo ndicho chinayamba. Koma chifundocho chitamufika pamtima, iye yekha analonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera. Kulapa kumene sikufika m'thumba ine ndimakukayikira, makamaka podziwa kuti ndalamazo zinali fizi ya mwana ku Mzimba kapena malata a nyumba ya mayi ku Mangochi. Usungichuma musamupatsenso msanga.

Komiti ya Desmond Tutu, yofufuza milandu ya nthawi ya tsankho, sinangomasula zigawenga?

Apa m'pofunika kufatsa, chifukwa nkhani zake zina zinachitika momwe muno mu Cape Town. Pa 25 Julayi 1993 anyamata a gulu lankhondo la APLA analowa m'tchalitchi cha St James ku Kenilworth mapemphero ali mkati, n'kupha anthu 11. Patangotha mwezi umodzi, Amy Biehl, mtsikana wa ku America, anaphedwa ku Gugulethu. Pa milandu yonse iwiriyi, amene anapempha chikhululukiro ku komitiyo anachilandira mu 1998. Makolo a Amy sanatsutse, ndipo awiri mwa amene anamupha anadzagwira ntchito m'bungwe limene makolowo anakhazikitsa pokumbukira mwana wawo.

Chikhululukirocho sichinali chaulere. Wopempha ankayenera kuulula zonse ndi kusonyeza kuti anachita pa zifukwa za ndale. Mwa anthu oposa 7,000 amene anapempha, amene anachilandira sanafike 900.

Pamene chilungamo chinaperewera ndi pa olakwiridwa. Mu 2003 boma linalengeza chipepeso cha R30,000 kamodzi kokha kwa aliyense, chochepa kuposa chimene komitiyo inapempha, ndipo milandu yambiri ya amene anakanidwa chikhululukiro inakhala zaka osazengedwa. Amasiye anapemphedwa kukhululuka msanga, iwo n'kudikira chilungamo mpaka imvi. Zimenezi zimandipweteka, ndipo mipingo yathu imachitanso zomwezo ikamafulumiza wolakwiridwa kuti akhululuke pamene wolakwayo sanafunsidwe kanthu.

Amene anatithamangitsa mu 2008, tiwakhululukirenso?

M'mwezi wa Meyi chaka chimenecho anthu 62 anaphedwa m'dziko muno pa ziwawa zodana ndi alendo, ndipo ku Dunoon alendo anathawa, mashopu awo ataphwasulidwa. Inde, Khristu amatiitana kukhululuka. Koma palibe mlaliki woyenera kuikira munthu tsiku. Ndipo mukhoza kukhululuka n'kukaperekabe umboni kupolisi.

Kodi kukadandaula si kusowa chikhulupiriro?

Ayi. Paulo mwini, atamangidwa, anagwiritsa ntchito ufulu wake monga nzika ya Roma, mpaka anapempha kuti mlandu wake ukamvedwe ndi Kaisara.

Nanga ngati wolakwayo ndine, ndiyambire pati?

Pitani kwa Mulungu, kenako kwa munthuyo, lero lomwe. Tchulani chimene munachita ndi dzina lake, osati kungoti "ngati ndinakulakwirani". Nenani zimene mubweze ndi tsiku lake. Ngati simungathe zonse, yambani ndi R200 ya Lachisanu lino. Akakana kukukhululukirani, musamukakamize ndi mavesi. Bwezanibe, ndipo tengani mkulu wa mpingo mmodzi akhale mboni.