PHUNZIRO: ULENDO WA KU EKWENDENI

Ambiri a ife timakhala mu Mzuzu zaka ndi zaka osadziwa kuti mzinda wathu uli ndi mkulu wake pafupi pomwepa. Munthu akatsata msewu wa M1 kulowera ku Rumphi, akayenda makilomita ngati 20, afika pa Ekwendeni. Ambiri amangopitirira pa basi, naona msika ndi masitolo okha. Koma wofuna kudziwa mbiri ya chigawo chino ayenera kutsika ndi kuyenda pansi.

Tiyambe ndi msinkhu wa malo awiriwa. Mzuzu unayamba m'chaka cha 1947 pamene kampani ya Boma la Britain inatsegula munda wa mitengo ya tung, imene njere zake amayenga mafuta, ndipo unalandira ulemu wa mzinda waukulu mu 1985. Koma pa Ekwendeni mishoni inakhazikika kale mu 1889. Tsono amene tiuyesa mudzi wa kumphepete ndiwo unayamba kuona dzuwa.

Chinthu choyamba chimene mlendo aphunzira ndi dzina lenilenilo. Mvetserani maina awa: Ekwendeni, Ezondweni, Enukweni. Onsewa ndi a Chingoni, ndipo kachilembo ka E kali kumayambiriroko kakunena malo, monga ife tinena "ku" kapena "pa". Angoni anaoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, ndipo Ekwendeni unali mudzi wa Inkosi Mtwalo, mwana wake. Lero anthu a kumeneko amalankhula Chitumbuka, koma maina asunga chilankhulo cha makolo.

Chachiwiri ndi mishoni. Amene anaitsegula ndi Dr Walter Angus Elmslie wa Mishoni ya Livingstonia, wochokera ku Scotland. Koma tisaiwale kuti njira inalambulidwa ndi munthu wakuda, William Koyi wa ku South Africa, amene anamva chilankhulo cha Angoni nakhala pakati pao ku Njuyu kuyambira 1882 kufikira imfa yake mu 1886. Mbewu imene anafesa anthu amenewa ikuoneka ndi maso: tchalitchi cha abale athu a CCAP, chipatala, sukulu ya anamwino, sukulu ya sekondale ya atsikana, ndi nthambi ya University of Livingstonia.

Chachitatu ndi msonkhano wa mu 1904. Kufikira chaka chimenecho Angoni a kwa M'mbelwa anali kudzilamulira okha, ngakhale madera ena a Nyasaland anali atagwa kale m'manja mwa Azungu. Pa Ekwendeni ndi pamene Bwanamkubwa Alfred Sharpe anakomana ndi mafumu, ndipo dziko lao linalowa pansi pa Boma popanda nkhondo. Ena amayamika kuti mwazi sunakhetsedwe; ena amadandaula kuti ufulu unatha tsiku lomwelo. Wophunzira wanzeru amve mbali zonse ziwiri asanaweruze.

Nanga tipiteko motani? Monga mdzukulu apita kwa agogo ake. Pofika, perekani moni kwa eni malo ndi kupempha chilolezo musanalowe m'tchalitchi kapena kumanda, ndiponso musanajambule munthu chithunzi. Kumbukirani kuti chipatala ndi nyumba ya odwala, si malo oonerera. Funani nkhalamba, khalani pansi, ndi kufunsa modekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Zimene mwamva muzilembe m'kabuku tsiku lomwelo.

Achinyamata ena adzati tsobola wakale sawawa. Koma ine nditi kwa inu aphunzitsi ndi makolo: nkhalamba zimene zinamva nkhanizi pakamwa pa agogo ao zikutha chaka ndi chaka, ndipo tikachedwa tidzapeza njerwa zokha zopanda wozifotokoza. Ulendowu ndi wa tsiku limodzi. Musaudikire chaka chamawa.

Mafunso okambirana pa gulu:

1. Kodi Ekwendeni ndi Mzuzu, wamkulu ndani, ndipo asiyana zaka zingati?
2. Chifukwa ninji Angoni anamvera William Koyi?
3. Kodi pa msonkhano wa mu 1904 anthu anapindulanji, ndipo anatayanji?
4. Kwanuko ndi nkhalamba iti imene mukaifunse mbiri ya mudzi mwezi uno?