Mano Oboola Mwala: Mafunso ndi Mayankho

N'chifukwa chiyani amisiri amasakaniza chitsulo ndi seramiki?

Chilichonse pachokha chili ndi chilema. Seramiki, yomwe mbiya ya dongo lowotcha ndi mtundu wake wodziwika kwambiri, ndi youma gwa, koma ikagwa yatha. Poto wa aluminiyamu akagwa amangopindika, komabe kumukwecha ndi mchenga tsiku ndi tsiku amaperepeseka. Woboola mwala amafuna chida chosabuntha msanga, chosatheteka chikamenyedwa, ndipo palibe chitsulo kapena seramiki yomwe ingachite zonse ziwiri payokha.

Kodi zinthu zoterezi timaziona kuti?

Tengani biti yoboolera khoma la njerwa muyang'ane kunsonga kwake: pali kachidutswa kotuwa komamatizidwa, kosiyana maonekedwe ndi thupi lonse. Kameneko ndi seramiki yotchedwa tungsten carbide, yomangidwa ndi chitsulo chotchedwa kobati. Timano tobulungira ta biti ya makina okumba mjigo ndi tomweto, chimodzimodzinso mano a sowo yozungulira ya kalipentala. Ngakhale kampira kakunsonga kwa mabolopeni ambiri ndi ka carbide yomweyi.

Amazipanga bwanji?

Amayamba ndi ufa. Ufa wa carbide amausakaniza ndi wa kobati, n'kuukanikiza m'chikombole, kenako n'kuuwotcha m'ng'anjo pa madigiri pafupifupi 1,400. Pamenepo kobati amasanduka madzi n'kulowerera pakati pa timibulu ta carbide, tomwe timakhalabe touma. Chinthucho chimatuluka m'ng'anjo chitanyala ndithu, n'chifukwa chake chikombole amachikuza dala.

Nanga kulimba kwake kumachokera pati?

Zili ngati msewu wa tala: miyala imapirira matayala, phula n'kumaigwirizira kuti isamwazike. Mng'alu ukayamba m'kambulu kamodzi ka carbide, suthamanga mpaka kutsidya monga umachitira m'seramiki yeniyeni. Umakumana ndi kobati, yemwe amatamuka pang'ono asanaduke, ndipo mphamvu ya mng'aluwo imathera pomwepo.

Apa m'pamene pamafunika kusankha. Kobati akachepa, mwina magawo 6 pa 100, chida chimauma kwambiri ndipo chimachedwa kubuntha, koma chikagunda molakwika chimatheteka. Akachuluka kupitirira magawo 15, chimapirira kumenyedwa koma chimadyeka msanga. Kukula kwa timibulu nakonso kuli ndi gawo: tating'ono timaumitsa, tatikulu timathandiza kupirira nkhonya za mumgodi. Wogulitsa akakuuzani kuti biti yake imagwira ntchito iliyonse, mukayike ndithu. Wopanga anasankha kale mbali imodzi.

Anayambitsa ndani?

Karl Schröter wa ku kampani ya Osram ku Germany, m'chaka cha 1923. Kampaniyo inkapanga mababu, ndipo inkafuna chida chokokera waya wa tungsten m'malo mwa dayamondi wodula uja. Pasanapite zaka zambiri, kampani ya Krupp inayamba kugulitsa chinthuchi m'dzina la Widia.

Kodi ndi carbide ndi kobati basi?

Ayi. Kwina chitsulo ndicho chimachuluka, seramiki n'kukhala yothira chabe. Mu 1983 kampani ya Toyota inayamba kulimbitsa mapisitoni a aluminiyamu a injini za dizilo ndi tiulusi ta seramiki, pamalo pomwe pamadyeka kwambiri.

Zipangizo zake zimachokera kuti?

Tungsten wambiri wa padziko amakumbidwa ku China. Kobati wopitirira theka amachokera ku DRC, ndipo ku Copperbelt m'Zambia amapezekanso pamodzi ndi mkuwa.

Biti ikabuntha, ndinganole pa mwala wa galainda wamba?

Mungotha mwalawo. Pamafunika mwala wa dayamondi, kapena wobiriwira uja wa silicon carbide. Ponola musamize nsonga yotentha m'madzi ozizira, imang'aluka. Chachikulu ndi fumbi: lili ndi kobati, ndipo munthu wolipuma kwa nthawi yaitali amawonongeka mapapo. Nolerani pamalo podutsa mphepo, mutavala chotchinga pamphuno chosefa fumbi bwinobwino, osati kansalu wamba.