Phunziro kwa Oimba a kwa Khwethemule Kuchokera ku Magulu a Rock a ku Australia

Mawu Oyamba

Mwana wa kwa Khwethemule, m'boma la Thyolo, amakula akuona zinthu ziwiri. Choyamba ndi minda ya tiyi yobiriwira chaka chonse, pamene makolo ake akulima kamunda kongokwana mwamba pamtsetse wa phiri. Chachiwiri ndi agogo ake amene amamuyankhula m'Chilhomwe, iye n'kumayankha m'Chichewa. Kuchepa kwa malo ndi kuzilala kwa chinenero si mavuto a kwathu kokha. Anthu ena kutsidya kwa nyanja, ku Australia, anakumana nawonso, ndipo ena mwa iwo anawayankha ndi gitala. Nkhani ino iunika magulu angapo oimba nyimbo za rock a m'dzikolo, ipereka maganizo pa gulu lililonse, kenaka inena zimene wophunzira zinenero ndi woimba wachinyamata wa kwathu angatolepo. Tikamanena za rock tikutanthauza nyimbo zimene zimatsogoza gitala wamagetsi, gitala wa besi ndi ng'oma zachizungu, zomwe zinakula ku America ndi ku Britain m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960.

Gwero la Mavuto a Kwathu

Kuyambira m'chaka cha 1892, boma la atsamunda motsogozedwa ndi Harry Johnston linayamba kupereka zikalata zotsimikizira kuti malo aakulu a chigawo cha kummwera ndi a azungu. Alhomwe ambiri amene anawoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique anapeza malowa ali kale m'manja mwa eni maesiteti. Kuti apeze pokhala, anavomera kugwira thangata. Mkwiyo wa pankhani ya malo ndi umodzi mwa zinthu zimene zinabutsa zipolowe ku Thyolo m'chaka cha 1953. Thangata linatha mu 1962, koma gawo lalikulu la nthaka yachonde linatsalabe ku maesiteti.

Chinenero nachonso chinavulala m'nyengo yomweyi. Alhomwe ankanyozedwa ndi dzina loti Anguru, kotero makolo ambiri anaona kuti n'kwabwino kulera ana awo m'Chinyanja. Pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chinenero cha dziko lonse mu 1968, Chilhomwe chinasowa malo kusukulu ndi pawayilesi. Akatswiri a zinenero monga Edrinnie Kayambazinthu ndi Alfred Matiki analembapo za momwe Alhomwe ambiri anasiyira chinenero chawo. N'zoona kuti Mulhako wa Alhomwe, umene unakhazikitsidwa poyera ku Chonde mu 2008, wachotsa manyazi amene analipo, ndipo gule wa tchopa anazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO mu 2014. Komabe chinenero sichikhala ndi moyo chifukwa cha chikondwerero cha kamodzi pachaka. Chimafuna kumveka kumsika, m'minibasi ndi m'mafoni a achinyamata, ndipo chimene chimafika msanga m'malo otere ndi nyimbo.

Zitsanzo za Pafupi

Tisanapite kutali, tikumbuke kuti Thyolo inabala Allan Namoko, woimba wosaona amene pamodzi ndi Chimvu Jazz Band ankaimba m'Chichewa ndi m'Chilhomwe pa banjo ndi ng'oma zopanga okha. Chimbale chake cha Ana Osiidwa chinatuluka mu 1992 kudzera ku kampani ya Pamtondo, ndipo iye anamwalira mu 1995. Namoko sankaimba rock, koma anaonetsa kuti mavuto a munthu wa kumudzi ndi nkhani yokwanira kudzaza nyimbo.

Ku Lusaka nako, m'zaka za m'ma 1970, Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family ankaimba rock yeniyeni m'Chingerezi ndi m'Chinyanja, m'kaimbidwe kamene kamatchedwa Zamrock. Ngozi anamwalira mu 1989, koma mu 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga gawo la nyimbo ya gululi ya mu 1977 n'kuliika m'nyimbo yake. Anthu miyandamiyanda anamva Chinyanja kwa nthawi yoyamba kudzera m'gitala wa Ngozi. Apa zikuonekeratu kuti zinenero zathu sizikanika kuyenda ndi rock. Funso ndi lakuti: kodi woimba angachite bwanji izi mwadala, cholinga chili kuteteza chinenero ndi kunena za nthaka? Yankho lomveka bwino tikulipeza ku Australia, kumene eni nthaka, otchedwa Aaborijini, anali ndi zinenero zoposa 250 pamene Angerezi anafika mu 1788, koma zambiri mwa izo zinafa kapena zatsala ndi okalamba ochepa.

Warumpi Band

Gulu loyamba limene tikulimbikitsa kuti mulimvere ndi Warumpi Band. Linayamba mu 1980 ku Papunya, mudzi wa m'chipululu chapakati pa dzikolo. Munali George Rrurrambu amene ankatsogolera kuimba, abale awiri Sammy ndi Gordon Butcher, komanso mzungu Neil Murray. Mu 1983 anatulutsa nyimbo ya Jailanguru Pakarnu m'chinenero cha Luritja, yomwe imadziwika kuti ndi nyimbo yoyamba ya rock kutuluka m'chinenero cha Aaborijini. Imakamba za munthu amene watuluka kundende. Chimbale chawo choyamba, Big Name, No Blankets, chinatuluka mu 1985, ndipo dzina lake likuseka umphawi wa oimbawo: kutchuka kulipo koma chofunda palibe.

Maganizo athu ndi akuti gululi ndi limene likufanana kwambiri ndi anyamata a kwathu. Kaimbidwe kawo n'kosavuta, zida zawo zinali zochepa, ndipo anayamba ndi kusangalatsa anthu a m'midzi yawo asanaganize za mizinda. Kwa wophunzira zinenero, chofunika kumvetsera ndi momwe mawu aatali a Luritja akukhalira pa kugunda kwa ng'oma kumene kunapangidwira Chingerezi.

Yothu Yindi

Gulu lachiwiri, lomwe tikuliona kuti ndi lopambana onse, ndi Yothu Yindi. Linayamba mu 1986 ndipo mizu yake ili ku Yirrkala, kumpoto kwa dzikolo, pakati pa anthu a mtundu wa Yolngu. Dzinali limatanthauza mwana ndi mayi. Mtsogoleri wake, Mandawuy Yunupingu, anali mphunzitsi amene anadzakhala mphunzitsi wamkulu, ndipo ankalimbikitsa kuti ana aziphunzira nzeru za makolo awo limodzi ndi za azungu. Maganizo omwewa anawaika m'nyimbo. Gululi linaphatikiza gitala ndi zida za makolo, monga chitoliro chachitali cha mtengo chotchedwa yidaki ndi timitengo toombanitsa totchedwa bilma.

Mu 1988 nduna yaikulu ya dzikolo, Bob Hawke, inalonjeza kuti pofika 1990 padzakhala pangano pakati pa boma ndi Aaborijini. Chakacho chinadutsa popanda pangano. Mu 1991 Yothu Yindi inatulutsa nyimbo ya Treaty, yokumbutsa boma lonjezo lake, m'Chingerezi ndi m'chinenero cha Gumatj. Nyimboyi inavinidwa m'mizinda ndi anthu amene sankadziwa ngakhale liwu limodzi la Gumatj. Yunupingu anasankhidwa kukhala nzika yopambana ya chaka cha 1992, chaka chimene khoti lalikulu pa mlandu wa Mabo linakana bodza loti dzikolo linalibe eni ake azungu asanafike. Iye anamwalira mu 2013, koma mbewu inamera: gulu la King Stingray, limene muli achibale a oimba a Yothu Yindi, linatulutsa chimbale chake choyamba mu 2022, momwe likuimba m'Chingerezi ndi m'chinenero cha Ayolngu.

Phunziro lalikulu apa ndi kagawidwe ka ntchito pakati pa zinenero ziwiri. Chingerezi chikuyankhula ndi boma ndi alendo, pamene Gumatj ikunyamula ulamuliro wa makolo. Sikusakaniza kwachisawawa ayi. Chinenero chilichonse chili ndi amene chikuwauza.

Midnight Oil

Gulu lachitatu ndi Midnight Oil, la azungu a ku Sydney, lotsogozedwa ndi Peter Garrett. Mu 1986 linayenda m'midzi ya m'chipululu pamodzi ndi Warumpi Band, ndipo zimene linaona kumeneko zinabala chimbale cha Diesel and Dust mu 1987. M'chimbalechi muli nyimbo ya Beds Are Burning, imene ikunena kuti nthaka ibwezedwe kwa eni ake. Mu 1990 anatulutsa Blue Sky Mine, yokamba za anthu amene anadwala chifukwa chogwira ntchito mumgodi wa asibesito ku Wittenoom. Aliyense amene kholo lake limadya za tikiti ya ntchito aimva msanga nyimboyi. Pamwambo wotseka masewera a Olympics ku Sydney mu 2000, gululi linavala zovala zolembedwa liwu lopepesa, pa nthawi imene boma linkakana kupepesa kwa Aaborijini. Kupepesako kunadzachitika mu 2008.

Tikuliika pachitatu gululi chifukwa limaimba m'Chingerezi chokha, ndiponso linkanenera ena nkhani yomwe mwini wake analipo. Komabe tiyenera kuliyamika poti linayamba lapita kukaona ndi kumva lisanatsegule pakamwa. Woimba wa ku Blantyre amene akufuna kuimba za othyola tiyi atengerepo chitsanzo.

AC/DC

Munthu akatchula rock ya ku Australia, ambiri amaganiza za AC/DC, gulu limene abale awiri Malcolm ndi Angus Young anayambitsa ku Sydney mu 1973. Chimbale chawo cha Back in Black cha mu 1980 ndi chimodzi mwa zimbale zogulidwa kwambiri padziko lonse. Amene akuphunzira gitala apindula pomvetsera momwe gululi limamangira nyimbo yonse pa kaphokoso kamodzi kobwerezabwereza, monga amachitira woimba ng'oma ya tchopa. Koma nkhani za m'nyimbo zawo nthawi zambiri ndi za chisangalalo basi, ndipo wofufuza za chinenero ndi nthaka sapezamo zambiri. Tikuti limvereni chifukwa cha luso la manja, koma za pakamwa mukazifune kwina.

Zimene Tingatolepo

Choyamba, woimba sayenera kudikira kuti adziwe Chilhomwe chonse asanayambe. Angathe kuimba ndime m'Chichewa, kolasi n'kuiika m'Chilhomwe, atafunsa agogo katchulidwe koyenera. Mawu khumi amene mwana waloweza kudzera m'nyimbo ndi chiyambi cha kufunsa ena khumi.

Chachiwiri, zida za makolo zisalowe m'nyimbo ngati chokongoletsa chabe. Yothu Yindi inapatsa yidaki ndi nyimbo za makolo malo awoawo, mogwirizana ndi akuluakulu a mtundu wawo. Tchopa ndi gule wansembe, choncho wofuna kutenga ng'oma zake ayambe wakhala pansi ndi eni gule.

Chachitatu, nyimbo yamphamvu imakamba chinthu chimodzi chodziwika: lonjezo la chaka chakuti, mgodi wakuti, munthu amene watuluka kundende. Oimba athu ambiri amangoti zinthu zavuta. Woimba wa kwa Khwethemule angathe kunena za dengu la pamsana, sikelo yoyezera masamba, kamunda kamene ana asanu akugawana, kapena mnyamata amene wapita ku Joni chifukwa chosowa polima.

Chachinayi chikukhudza ife ophunzira zinenero. Nyimbo za Namoko ndi nkhokwe ya mawu imene sitinaigwiritse ntchito mokwanira. Wophunzira angathe kulemba mawu a nyimbo imodzi ya Namoko, n'kuona pamene akusintha chinenero ndi chifukwa chake, kenaka n'kuyerekeza ndi momwe Yothu Yindi imachitira.

Chenjezo

Tisafananitse zinthu mopitirira muyeso. Aaborijini analandidwa nthaka imene anakhalapo zaka zikwizikwi, pamene Alhomwe ambiri a ku Thyolo anafika malo atatengedwa kale kwa Amang'anja ndi ena amene anawapeza. Maesiteti nawo amalemba anthu ambiri ntchito, ndipo tiyi amabweretsera dziko lino ndalama zakunja. Komanso nyimbo payokha sibweza munda. Ngakhale Treaty sinachititse boma la Hawke kusaina pangano lija. Chimene nyimbo imachita ndi kuletsa nkhani kuiwalika, ndiponso kupatsa achinyamata chifukwa choyankhulira chinenero chimene ankachita nacho manyazi.

Mawu Omaliza

Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Amene akufuna kudziwa magulu a rock a ku Australia ayambe ndi Warumpi Band, apite ku Yothu Yindi ndi King Stingray, kenaka Midnight Oil, ndipo AC/DC ibwere pomaliza. Akatha kumva onsewa abwerere kwa Namoko ndi Ngozi, chifukwa kalumo ka mlendo kamameta mutu wa pakhomo. Agogo amene akudziwa Chilhomwe chenicheni kwa Khwethemule akutha chaka ndi chaka. Woimba amene akufuna mawu awo apite akawafunse akadali moyo.