KUWONGOLA ZITINI KUTI ZIKHALE MALATA

Ali yense woyenda mu Lusaka, kucokera ku Avondale ndi Chelstone kufikira ku Kabwata, aona zitini za zakumwa ziri mbwee m'ngalande. Pa dzinja zitseka njira ya madzi, nizisunga udzudzu. Komatu m'citini ciri conse muli lata labwino. Zambiri nza aluminiyamu, ndiyo yosacita dzimbiri. Citani cotere:

1. Tsukani citini, ciume, kuopa nyerere.

2. Boolani ndi mpeni pansi pa khosi lace, nimudule mutu ndi sizasi. Mudulenso pansi pace momwemo.

3. Cekani kuyambira pamwamba kufikira pansi. Citini ca mamililita 330 cipatsa lata la masentimita ngati 20 m'litali ndi 9 m'lifupi.

4. Latalo lifuna kudzipindanso monga linaliri. Tsono likokeni pa mphepete ya tebulo molikhotetsera kwina, nimuliike pakati pa matabwa awiri, mwala pamwamba, usiku wonse.

5. Pindani m'mbali mwace monse, pakuti mukuthwa ngati lumo. Tizidutswa totsala mukwirire, tingalase ana oyenda opanda nsapato. Mpeni ugwiridwe ndi wamkuru yekha.

Ndi malata otere ana akhoza kuveka magalimoto ao a waya, ndipo mlimi alembapo ndi msomali maina a mbeu zace, osafufutika ndi mvula. Ku Kabwata Cultural Village amisiri adya za manja ao. Yambani ndi citini cimodzi. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.